Kabelu Atachedwa Kukatenga Bambo Ake

1. Woyambitsa nyimbo

Nyumba imene ana ankasonkhanamo masana inali mosungira simenti kale. Inali ndi chitseko chimodzi chachitsulo, timawindo tiwiri m'mwamba, ndi denga lamalata lodontha. Ana a m'deralo ankabwera akaweruka kusukulu, ena ankabwera osapita n'komwe kusukuluko. Ankadya kaye, kenako n'kuphunzira kuwerenga.

Anti anayamba kuthandiza pamalowo atangolemba mayeso omaliza a sekondale. Sankalipidwa. Dzina la Anti anamupatsa ndi anawo, ndipo linamukakamira moti ngakhale achimwene ake kunyumba ankamuitana nalo akafuna kumuputa.

Sabata imeneyo kunkabwera alendo amene ankaganiza zogulira nyumbayo malata atsopano. Mayi Wamkulu, amene anayambitsa malowo, anauza Anti kuti aphunzitse ana nyimbo yolandirira alendowo. Inali ntchito yoyamba imene anamusiyira yekha, ndipo Anti anaigwira ndi manja awiri.

Woyambitsa nyimboyo anali Kabelu, kamtsikana kowonda ka mawu omveka mpaka kumpopi. Iye akayamba, anzake onse ankatsatira bwinobwino. Akapanda kuyamba, ankangong'ung'udza ngati njuchi za m'chitini.

Koma Kabelu sankakhala mpaka pomaliza. Mthunzi wa nyumba ukangofika pamgolo wa madzi, ankanyamuka, n'kubweza pensulo, n'kutuluka. Bambo ake anali osaona. Ankagulitsa matsache pasiteji ya minibasi, kutsidya kwa msewu waukulu. M'mawa Kabelu ankawasiya pamenepo asanapite kusukulu, madzulo n'kukawatenga. Pakati pa sitejiyo ndi kwawo panali msewu, msika, ndi ngalande yaikulu yowoloka pamatabwa. Amayi ake ankachapa zovala m'nyumba za anthu kutali, ndipo ankabwera kutada.

Zonsezi Anti ankazidziwa.

2. Mawu a Mayi Wamkulu

Tsiku la alendo litafika, Mayi Wamkulu anaitanidwa kuchipatala kumene mpongozi wawo anagonekedwa. Asananyamuke anaitanira Anti kuseri, pamene a Chipande, mayi ophikira ana, ankakwecha mapoto.

“Tamvera mwanawe,” anatero Mayi Wamkulu. “Ana awa si ako, ndipo si anga. Timachita kubwereka. Aliyense wasiya ntchito kunyumba kuti abwere kuno. Uja wamakutu akuluakulu wasiya mng'ono wake kwa aneba. Uja wovala juzi nthawi yotentha akachoka pano amakaima pamzere wa madzi. Iwe kwanu ukachedwa, amayi ako amangokukalipira, chakudya n'kukusungira. Awa akachedwa, kunyumba kumawonongeka chinthu.

“Ndiye mwana akakuuza kuti akupita, usamupanikize ndi mafunso ngati wapolisi. Mutsegulire. Ngati wathawa chifukwa cha ulesi, njala idzamubweza mawa. Koma ukamugwira ali ndi chifukwa, wapalamula mlandu umene ine sindingakuzengere. Ndinayamba ntchitoyi pansi pa mtengo, popanda khoma, popanda chitseko, ndipo makolo anandikhulupirira chifukwa mwana wawo ankatha kuchoka nthawi imene akufunika. Alendo ndi mame, dzuwa likatuluka suwaonanso. Anthu a m'dera lino tikhala nawo mpaka adzatinyamule kupita kumanda. Wamva?”

Anti anayankha kuti wamva.

A Chipande anaseka osadzutsa mutu. Anati makutu a ana a sekondale ndi sefa, madzi onse amadutsa, kumangotsala mawu a chibwenzi. Anti anaseka nawo, koma maso ake anali kale pa ana amene ankafunika kudzozedwa mafuta kumaso.

3. Mpiringidzo

Woyamba kufika anali bambo wa ku ofesi ya bungwe lothandiza malowo, amene ana ankamutchula kuti a Taye chifukwa sankavula taye ngakhale ponyamula matumba. Anafika foni ili kukhutu, nanena kuti alendo ali m'njira.

Ana anaimikidwa pamizere, aafupi kutsogolo. Anayeserera nyimbo. Anayesereranso. A Taye anaimba foni, nanenanso kuti alendo ali m'njira.

Kunja kunayamba kuda. Mitambo inaphimba dzuwa, mphepo n'kuyamba kuulutsa majumbo. Mnyamata wina anapempha kukataya madzi, osabweranso. Atsikana awiri apachibale anazemba pamene Anti ankapukuta mamina a kamwana ka kutsogolo.

A Taye anayamba kutuluka thukuta. Anauza Anti kuti alendo akapeza mabenchi opanda anthu, malata aja apita kwina, ndipo mvula ya chaka chino adzaikhalira yekha ndi ana akewo. Anamuuza kuti atseke chitseko kwa kanthawi kochepa chabe.

Nthawi yomweyo Kabelu anachoka pamzere. Mthunzi panalibe tsiku limenelo, koma iye ankaidziwa nthawi yake.

“Anti, ndipite. Adadi akundidikira.”

“Dikira pang'ono. Alendo afika posachedwa.”

“Kukubwera mvula, Anti.”

“Ukangoimba basi, ndikuperekeza ndekha. Tithamanga. Bambo ako ndi munthu wamkulu, pasiteji pali anthu ambiri.”

Kabelu anayang'ana chitseko. Anti anachiyang'ananso. Kenako anapita n'kukankha mpiringidzo wa pamwamba, umene mwana aliyense sakanaufikira.

A Chipande anasuzumira pakabowo koperekera mbale. Anangoti mpiringidzo umenewo ndi wa akuba, amatsekera poweruka. Anti anachita ngati sanamve.

Kabelu sanalire. Anabwerera pamalo ake, manja kumbuyo, maso pakawindo.

Mvula inayamba ndi madontho akuluakulu, kenako inakhuthuka. Alendo anafika ili pakati, atafunda majekete kumutu. Kabelu anayambitsa nyimbo monga anaphunzitsidwa, osaphonya liwu ngakhale limodzi, koma malata ankasokosera kwambiri moti alendo ankangoona milomo ikuyenda. Madzi anadonthera pakhosi pa mlendo wina, ndipo a Taye anamwetulira, poti denga linadzinenera lokha.

Nyimbo itatha, wojambula amene anabwera ndi alendowo anati kamera yake inali isanakonzeke. Anapempha kuti aibwereze.

Anti anagwedezera Kabelu mutu. Kabelu anayambanso.

Alendo anawomba m'manja, anagwira ana angapo m'masaya, n'kuthamangira kugalimoto poopa kuti ititimira m'matope.

4. Pasiteji

Mpiringidzo utangochoka, Kabelu anatuluka ngati mwala wa legeni. Anti anamutsatira. Njira inali itasanduka mtsinje. Nsapato yake imodzi inatsalira m'matope, ndipo sanabwerere kukaizula poopa kumutaya mwanayo.

Anawoloka ngalande madzi akunyambita matabwa. Anadutsa mumsika, ogulitsa akukokera katundu m'mashedi. Pamsewu waukulu Anti anagwira dzanja la Kabelu, koma Kabelu analisolola n'kuwoloka yekha pakati pa magalimoto.

Pamalo a matsache panalibe munthu. Kreti imene bambowo ankakhalira inali itagwa chammbali m'chithaphwi.

Mayi wogulitsa nthochi, amene anabisala pakhonde la shopu ya ometa, anawaitana. Matsache aja anali atawamanga n'kuwasunga pansi pa tebulo lake. Anauza Kabelu kuti bambo ake anadikira nthawi yaitali, akufunsa aliyense wodutsa ngati waona mwana wawo. Mvula itayamba, anawapempha kuti alowe mwa ometa, koma anakana. Anati mwana wawo sachedwa, ndipo ngati wachedwa ndiye kuti wagundidwa kapena watengedwa ndi madzi. Anatenga ndodo n'kunyamuka kukamufuna.

Kenako mayiyo anamuyang'ana Anti kuyambira kumutu mpaka kuphazi lopanda nsapato, nafunsa kuti ameneyu ndiye ndani.

“Ndi Anti athu,” anatero Kabelu.

“Ndinu munali ndi mwanayu?” anafunsa mayiyo. “Asisi, ine ndakhala pano zaka zambiri. Bambo aja akamva ana a sukulu ya sekondale akudutsa, amayamba kumanga matsache, chifukwa amadziwa kuti mwana wawo ali pafupi. Wotchi yawo ndi mwanayu. Maso awo ndi mwanayu. Inu mukamuchedwetsa, simunachedwetse mwana yekha ayi. Mwamuimika munthu wamkulu pamsewu ngati mbuzi yomangirira, ndipo mbuzi ikaona mvula imadula chingwe. Pitani, musandiyang'ane ine. Ine nthochi zanga zilipo zonse.”

Woitanira minibasi wina anati ndi iye anawolotsa bambowo msewu. Anawasiya pakhomo la msika chifukwa galimoto yake inali itadzaza. Atafunsidwa kuti analowera kuti, anatambasula manja.

Mumsika Anti ndi Kabelu anafunsa wogulitsa nsomba, wosoka nsapato, ndi mayi wa mafuta oyezera m'timabotolo. Aliyense anali wotanganidwa ndi katundu wake pamene mvula inkagwa. Telala yekha ndiye anati anaona munthu wa ndodo akupapasa khoma, akutsetserekera kungalande. Koma sanadzere njira ya kumatabwa. Anadzera kanjira ka kuseri kwa zimbudzi.

Kabelu anatembenukira kwa Anti koyamba chichokere kunyumba ija.

“Kumeneko kulibe powolokera,” anatero.

5. Ngalande

Kanjirako kanali koterera, kopapatiza, kothera m'mphepete mwenimweni mwa ngalande. Madzi anali ofiira, othamanga, atanyamula mabotolo, zisanza ndi nthambi. Panali phokoso loti munthu sakanamva mnzake ali pafupi.

Kabelu anayamba kuitana bambo ake. Ankathamanga m'mphepetemo, kuima, kuitana, kuthamanganso. Anti ankaitana nawo, koma sankadziwa kuti aziti chiyani, ndiye ankangoti bambo, bambo.

Pamene paipi yaikulu inadutsa pamwamba pa ngalande, zinyalala zinali zitaunjikana. Pakati pa zinyalalazo panatulukira ndodo yokulungidwa mphira kogwirira.

Kabelu anaiona. Anatsika phazi limodzi. Anti anamugwira diresi kumbuyo n'kumukoka mwamphamvu mpaka onse anagwa chagada m'matope. Mwanayo anamumenya zibakera pachifuwa, anamuluma padzanja, koma Anti sanamusiye.

Ali chigwirire choncho anamva mluzu. Kumtunda pang'ono kunali shedi ya ogulitsa makala. Mwamuna wina wamtali, wakuda bii ndi fumbi la makala, ankawakodola.

“Mukufuna a matsache? Ali muno.”

Bambo a Kabelu anali atakhala pathumba la makala, atafunda chiguduli. Buluku lawo linali litang'ambika mpaka m'bondo, ndipo phazi lamanzere linali litatupa ngati mkate. Wamakala uja anafotokoza kuti anawaona akuterereka, mwendo n'kukodwa pakati pa paipi ndi khoma. Paipiyo ndi imene inawapulumutsa. Iye ndi mnzake anawakoka ndi chingwe chomangira matumba. Anawonjeza kuti bambowa ndi olemera kuposa mmene amaonekera, ndipo tsiku lina adzamupatse tsache laulere.

Palibe amene anaseka.

Kabelu anagwada patsogolo pa bambo ake. Iwo anamupapasa mutu, nkhope, mapewa, mikono mpaka kuzala. Anamuimiritsa n'kumupapasa miyendo. Atatsimikiza kuti ndi wathunthu, anapuma mpweya wautali, n'kumufunsa kumene anali.

Kabelu anangoyang'ana phazi lotupa lija.

Bambowo anamufunsanso, mawu atakwera pang'ono. Anafuna kudziwa ngati anali kosewera.

“Sanali kosewera, bambo,” anatero Anti. “Anandipempha kuti apite. Ine ndinatseka chitseko. Kunabwera alendo, ndimafuna aimbe.”

Bambowo anatembenuzira khutu kumene kunachokera mawuwo.

“Ndinu aphunzitsi ake?”

“Ndimangothandiza.”

“Mawu anu ndi a mwana,” anatero. “Tamverani. Kholo loona likasowa mwana, limakwera pachulu n'kuyang'ana. Ine ndilibe chulu. Ndili ndi nthawi basi. Nthawi ikakwana mwana osafika, kwa ine ndiye kuti wafa. Ndakhala ndikumuika m'manda mwana ameneyu kuyambira pamene mvula inayamba. Mumadziwa kuti ndimamudikira?”

“Ndimadziwa.”

Bambowo anatambasula dzanja kufuna ndodo, kenako anakumbukira, n'kulibweza pabondo.

6. Mawa m'mawa

Wamakala anakweza bambowo pawilibala. Mvula inali itasanduka yowaza. Anazungulira njira yaitali ya kumlatho wa magalimoto, Kabelu atagwira dzanja la bambo ake, Anti akutsimphina kumbuyo ndi nsapato imodzi. Anthu ankatuluka m'makhonde kudzaona, ena n'kumatsatira.

Kwawo kunali chipinda chimodzi pamdadada wa nyumba za lendi. Amayi a Kabelu anali atafika kale, poti mvula inawawerutsa msanga. Anali mayi wamfupi, wa manja otuwa ndi sopo. Anamva nkhani yonse kwa wamakala ali chiimire pakhomo. Sanakalipe. Anathandiza amuna awo kukhala pamphasa, anateleka madzi pambaula, anauza Kabelu kuti avule zonyowazo. Anathowa phazi lija pang'onopang'ono. Atalikhudza chapambali, bambowo anakukuta mano.

Aneba anali atadzaza pakhomo. Anti anaima pafupi ndi chidebe, madzi akudontha kuchokera m'siketi yake.

Pomaliza mayiwo anapukuta manja n'kumuyang'ana.

“Anti, inu mwaphunzira. Tandithandizani nzeru. Phazi ili likufunika kuchipatala, ndipo kuchipatala ndi mzere wa tsiku lonse. Ine ndikajomba mawa, abwana apeza wina wochapa dzuwa lisanafike pamutu. Likapola, bambowa adzafunika woyenda nawo pang'onopang'ono, wowadikira, wosawasiya. Ndiye mwanayu kusukulu wayamba waima. Kwanu kuja ndiye musamuyembekezerenso.”

Kabelu anali kuseri kwa nsalu yotchinga chipinda. Nsaluyo inasiya kugwedezeka.

Anti anapempha. Anati Kabelu wangoyamba kumene kuwerenga mawu aatali, ndipo akasiya pano adzaiwala. Anati wolakwa ndi iye, asalangidwe mwana.

“Sindikulanga munthu,” anatero mayiwo. “Ndikugawa ntchito. M'nyumba muno tilimo atatu, ndipo maso alimo anayi. Awiri amapita kukachapa. Mukufuna awiri enawo azikawerenga? Bweretsani anu.”

Wina pakhomo anaseka, mnzake n'kumugunyuza.

“Sindikuseka,” anapitiriza mayiwo. “Mubwere m'mawa mudzawatenge bambowa. Muwapezere chokwera, mukaime nawo pamzere, muwaperekeze kuchimbudzi mpaka pakhomo, muwabweretse. Mkuja chimodzimodzi, mpaka adzayambe kuponda. Mukatero mwanayu apita kusukulu. Mukapanda kutero, palibe mlandu, ife tinazolowera. Koma musandiyankhe kuti musangalatse anthu ali pakhomowa.”

Anti anayang'ana phazi lotupalo, anayang'ananso nsalu ija.

“Ndibwera,” anatero.

“Ambiri amatero. Ife timadzuka kusanayere.”

Mayiwo anabwerera kumbaula. Palibe anamuperekeza.

Anti anatuluka pakati pa aneba, amene anamupatsa njira mosafulumira. Kunja kunali kukuyera pang'ono chakumadzulo. Anali asanaganize n'komwe zimene akanene kwawo, kumene ankadziwa kuti iye amangophunzitsa ana nyimbo masana. Anatsetsereka mpaka pamatabwa aja, poti njira ya kwawo inkadzera pamenepo. Madzi anali atatsika, koma matabwawo anali atakutidwa ndi matope.

Kutsidya kunaima Mayi Wamkulu, akadali ndi chikwama cha kuchipatala m'manja. Pambali pawo panali a Chipande, ndipo kumbuyo kwawo kunali amayi angapo a ana a pamalo paja, manja atapinda pachifuwa.

Anti anaima.

“Woloka bwino, mwanawe, thabwalo likuterera,” anatero Mayi Wamkulu. “Ndikufuna ufike kuno wamoyo. Amayi awa akana kumva kwa ine. Akuti auzidwe ndi mwini wake amene anatsekera ana awo m'nyumba.”